Soseji ya Nkhumba ya ku Ireland: Kuzizira Pokonza, Moto Wochepa Pophika

 Nkhani ya lero ikukamba za soseji ya nkhumba ya ku Ireland, dziko la pachilumba limene lili kumadzulo kwa Britain, ndipo ifotokoza kumene chakudyachi chinachokera, mmene chimapangidwira pakhomo ndiponso mmene chimaphikidwira. Mfundo yaikulu ndi imodzi, ndipo ibwera mobwerezabwereza: ntchito yonse yopanga sosejiyi ndi yoletsa madzi ndi mafuta kuthawa m'thumbo kufikira pamene wakudya waluma. Pokonza pamafunika kuzizira. Pophika pamafunika moto wochepa.

Poyamba, kodi soseji ya ku Ireland ndi yotani? Ndi nyama ya nkhumba yaiwisi yogaya bwino, yosakaniza ndi mafuta, mchere, madzi, zokometsera zosawawa ndi nyenyeswa za tirigu, ndipo zonsezi zimalowetsedwa m'thumbo lopyapyala limene limapotokoledwa kukhala tizidutswa tatifupi. Sifutsidwa pa utsi ndipo siyanikidwa, choncho sichedwa kuwonongeka. Ikakhala yaiwisi imaoneka yoyererako, ndipo ikapsa imakhala yofewa m'kati, yosavuta kudula ngakhale ndi foloko. Omvera amene anakhalako ku South Africa amaidziwa boerewors, imene malamulo a dzikolo amafuna kuti magawo osachepera 90 pa 100 aliwonse akhale nyama, ndipo m'kamwa imamveka zibulumwa za nyama ndi fungo lamphamvu la coriander. Ya ku Ireland inatsata njira ina, pakuti anthu a kumeneko amafuna soseji yosalala, yofatsa kukoma, imene mwana ndi agogo omwe angadye m'mawa popanda kutsokomola.

Tsopano nkhani ibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa chakudya chilichonse chili ndi kwawo. M'zaka za m'ma 1700 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, alimi osauka ambiri a ku Ireland ankalima timinda tating'ono pa malo a eni chuma, ndipo ankayenera kulipira lendi chaka ndi chaka. Banja lotere linkadalira mbatatesi pa chakudya chake, ndipo zotsala za mbatatesizo, pamodzi ndi mkaka wochotsedwa mafuta, zinkanenepetsa nkhumba imodzi imene inkagulitsidwa nthawi ya lendi ikakwana. N'chifukwa chake anthu ankaitchula nkhumbayo mwanthabwala kuti ndi njonda yolipira lendi, ndipo nthabwalayi inali ndi chowawa chake, pakuti banja loweta nkhumba nthawi zambiri silinkalawa nyama yake. M'chaka cha 1845 chiwawu chinagwira mbatatesi, ndipo njala imene inatsatira inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi, pamene enanso ochuluka chimodzimodzi anathawira kunja. Nkhumba nazo zinachepa kupitirira theka, chifukwa chakudya cha nkhumba ndi cha mwini wake chinali chimodzi.

Kwa alimi opezako bwino, amene ankatha kudziphera nkhumba, ntchitoyi inkachitika m'miyezi yozizira, kuyambira cha pa chikondwerero cha Martin Woyera pa 11 Novembala, popeza kunalibe mafiriji ndipo mphepo ya chisanu ndiyo inkasunga nyama. Gawo lalikulu linkaikidwa mchere mumgolo kuti lidyedwe pang'onopang'ono, magazi ankasakanizidwa ndi mafuta, anyezi ndi oats kapena nyenyeswa za buledi n'kuwiritsidwa m'matumbo, ndipo nyama yofewa yosasungika inkatumizidwa kwa anansi, amene nawo ankabweza tsiku lawo lopha likafika. Akuluakulu a kuno anati kupatsa n'kuika, ndipo alimi a ku Ireland ankachita zomwezo popanda kuumva mwambiwo. Chofunika kuzindikira apa n'chakuti soseji yaiwisi yofala lero sinali chakudya chachikulu cha kumudzi. Inakulira m'tauni.

Inakulira m'tauni chifukwa kumeneko ndi kumene nkhumba zinkaphedwa zambirimbiri tsiku ndi tsiku. Henry Denny, amene anadzatchuka ndi nyama ya nkhumba, anayamba malonda ake mumzinda wa Waterford m'chaka cha 1820, ndipo pambuyo pake mizinda ya Limerick ndi Cork inadzazanso ndi mafakitale a bekoni, yomwe ndi nyama ya nkhumba yokhwimitsidwa ndi mchere. Fakitale yodula bekoni imatsala ndi tizidutswa tambiri ta mnofu ndi mafuta, ndipo tizidutswa totere sitingapeze ntchito yabwino kuposa soseji. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunabweranso akatswiri ogulitsa nyama ya nkhumba ochokera ku Germany, ndipo mayina a mabanja monga Hafner ndi Olhausen anatchuka m'misewu ya Dublin. Soseji inalowerera m'moyo wa mzindawo kotero kuti mlembi James Joyce anatchula masoseji a Denny m'buku lake la Ulysses, lotuluka m'chaka cha 1922, pofotokoza zochitika m'bucha ina m'mawa. Ngakhale posachedwapa, pamene masitolo a Superquinn anasinthidwa dzina kukhala SuperValu m'chaka cha 2014, masoseji awo anasiyidwa ndi dzina lakale, popeza ogula ankawakonda ndi dzina lomwelo. Motero munthu wopanga sosejiyi kukhitchini kwake lero akutengera luso la mwini bucha wa m'tauni, ndipo ayenera kuphunzira zimene mwini buchayo ankadziwa.

Apa nkhani yafika pa chinthu chimene alendo ambiri amachinyoza, ndicho buledi. Kodi kuthira tirigu mu nyama si kubera wogula? Funsoli ndi lomveka, ndipo nthawi zina yankho lake ndi inde, chifukwa ufa ndi madzi n'zotsika mtengo kuposa nyama, moti wamalonda wadyera akhoza kuchulukitsa ziwirizi mpaka soseji kusanduka phala lovala thumbo. Koma kulakwa kwa wadyera sikuchotsa ntchito yeniyeni ya tiriguyo. Nyama ikatentha imakhwinyata, ndipo pokhwinyatapo imafinya madzi ake pamodzi ndi mafuta amene asungunuka. Ngati mulibe chogwira madziwo, amatsikira m'chiwaya, ndipo chotsala m'thumbo chimakhala chouma ndi chokhakhala. Nyenyeswa za tirigu zimamwa madzi ndi mafutawo pamene akufuna kuthawa, zimafufuma, n'kuwasunga pakati pa nyama. Kufewa kumene anthu a ku Ireland amakufuna kumachokera pamenepa, kotero kuti wochotsa tirigu yense poganiza kuti akukonza zinthu amapanga soseji yabwino ndithu, koma ya dziko lina.

Eni mabucha amagwiritsa ntchito chinthu chotchedwa rusk, amene ndi buledi wopanda yisiti, wophikidwa kawiri kuti aume gwa, kenako n'kuphwanyidwa kukhala nyenyeswa. Yisiti amapewedwa chifukwa buledi wa yisiti amatha kusasitsa nyama msanga, ndipo kuphika kawiri kumathandiza kuti nyenyeswazo zimwe madzi olemera kuposa izo zomwe. Pakhomo rusk savuta kupanga. Ufa wa tirigu umakandidwa ndi madzi, mchere pang'ono ndi baking powder, n'kuphikidwa mu uvuni monga sikono yaikulu yophwatalala. Ikazizira imadulidwa timagawo tating'ono timene timabwezedwa pa moto wochepa kufikira titauma, koma tisanade, ndipo pomaliza timasinjidwa mumtondo woyera. Amene alibe nthawi imeneyi amatenga buledi woyera wogona masiku awiri, n'kuchotsa makoko ake, n'kumuumitsa ndi kumupera. Njira ziwiri zonsezi zimagwira ntchito, malinga ngati nyenyeswazo zili zoumadi, pakuti buledi wonyowa kale alibe malo olandirira madzi a nyama.

Kuchoka pa buledi, nkhani ilowe ku nyama. Gawo loyenera kwambiri ndi la paphewa, chifukwa mnofu wake uli ndi mafuta m'kati mwake, ndipo limawonjezeredwa ndi nyama ya pamimba kapena mafuta olimba a pamsana. Chikopa, mitsempha yolimba ndi tiziwalo totuwa tokhala pakati pa mafuta zimachotsedwa, chifukwa zimakola m'makina ndipo zimasautsa m'kamwa. Mafuta ayenera kukhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Kodi si ochuluka amenewo? Woopa mafuta angachite bwino kudya masoseji awiri m'malo mwa anayi, kusiyana ndi kupanga anayi ouma amene palibe adzawayamikire. Pa kilogalamu imodzi ya nyama ndi mafuta pamalowa supuni yaikulu imodzi ya mchere wosalala, imene ndi magalamu pafupifupi 18, kenako rusk wolemera magalamu 100 kapena kupitirirako pang'ono, ndi madzi ozizira kwambiri osakwana kapu imodzi. Mchere wokha ndiwo uyenera kuyezedwa mosamala, popeza ukachepa nyama sigwirana, ndipo ukachuluka palibe njira youchotsera.

Zokometsera zake n'zochepa ndipo n'zofatsa. Patsogolo pali tsabola woyera, amene amachokera ku mbewu yomweyo ya tsabola wakuda koma wochotsedwa khungu, ndipo amakondedwa chifukwa sasiya madontho akuda mu nyama yoyererayo. Pambali pake pamabwera nutmeg ndi mace, ziwiri zochokera mu chipatso chimodzi, pakuti nutmeg ndi njere ndipo mace ndi ukonde wofiira wokuta njereyo. Ena amawonjezera jinja wouma, ndiponso masamba onunkhira a sage, thyme kapena marjoram. Bucha iliyonse inali ndi muyezo wake umene mwini wake sankaulula, choncho palibe kaphatikizidwe kamodzi kamene kangatchedwe koona kuposa ena onse. Chodziwika n'chakuti tsabola wowawa ndi adyo wambiri si za sosejiyi, ndipo wophika ayenera kudziletsa dzanja, chifukwa cholinga n'chakuti nkhumba imveke yokha, zokometsera zikhale kumbuyo.

Tsopano pafika mbali yoyamba ya mfundo yaikulu ija: kuzizira pokonza. Nyama yodulidwa timagawo imaikidwa mufiriji ya madzi oundana kwa theka la ola kapena kupitirira, kufikira italimba kunja koma isanaume ngati mwala, ndipo mipeni ya makina ogayira ndi mbale yosakanizira zimaziziritsidwanso. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mafuta a nkhumba amafewa ngakhale ndi kutentha kwa dzanja la munthu, ndipo akafewa makina sawadula, amangowapaka pa mnofu. Mnofu wopakidwa mafuta sugwirana ndi unzake, motero soseji yotereyi ikafika pa moto mafuta onse amatuluka nthawi imodzi, n'kusiya nyama yofumbutuka. Mafuta ozizira amadulidwa kukhala timibulu tooneka bwino, ndipo timibuluto timakhala m'malo mwake kufikira pophika. Nyama imagayidwa kawiri, koyamba pa sefa ya maenje aakulu ndipo kachiwiri pa ya maenje aang'ono, ndipo pakati pa maulendo awiriwo imabwezedwa mufiriji. Kumene magetsi savomera kudaliridwa, ntchitoyi ichitike m'bandakucha, nyama ikhale yochepa, mbale yosakanizira ikhazikidwe pa madzi oundana ogula, ndipo masosejiwo aphikidwe tsiku lomwelo. Kuno miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi ndiyo yoyenera, pa chifukwa chomwecho chimene alimi a ku Ireland ankadikirira Novembala.

Kusakaniza ndi pamene ambiri amafulumira kusiya, ndipo m'pofunika kupaonera pafupi. Nyama yogaya imathiridwa mchere ndi zokometsera, kenako madzi ozizira pang'onopang'ono, ndipo imakandidwa ndi manja oyera mwamphamvu. Poyamba imakhala yomwazika, ndipo dzanja likatuluka m'mbale limatuluka loyera. Pakapita mphindi zitatu kapena zinayi zinthu zimasintha, chifukwa mchere umasungunula puloteni ya mu mnofu yotchedwa myosin, imene imamata timibulu tonse pamodzi. Nyama imayamba kukakamira m'mbali mwa mbale, imalemera m'manja, ndipo ikakokedwa imaonetsa timaulusi toyera. Njira yoyesera ndi iyi: wokonza amatenga kambulu ka nyamayo, n'kukamata pachikhatho, n'kutembenuza dzanja kuti chikhatho chiyang'ane pansi. Kambuluko kakagwa, ntchito ikadalipo. Kakakhala pomwepo, nyama yagwirana, ndipo rusk akhoza kulowa n'kusakanizidwa mwachangu. Zala zikamawawa ndi kuzizira, ndiye kuti zonse zikuyenda bwino, ndipo zikasiya kuwawa mbale iyenera kubwerera mufiriji. Zisanapite patsogolo, kachidutswa kamodzi kamakazingidwa n'kulawidwa, chifukwa iyi ndi nthawi yomaliza imene mchere kapena tsabola angawonjezeredwe. Nyama ya nkhumba yaiwisi silawidwa.

Za matumbo zimafuna mawu ochepa. Amene amagwiritsidwa ntchito ndi matumbo aang'ono, a nkhumba pa soseji yonenepa kapena a nkhosa pa soseji yowonda ya kadzutsa, imene ku Ireland imagulitsidwa kawirikawiri 16 pa paketi ya magalamu 454, muyezo wotsalira wa paundi yakale. Mafakitale ambiri lero amagwiritsa ntchito matumbo opanga kuchokera ku collagen, puloteni ya m'zikopa za ng'ombe, koma pakhomo achilengedwe ndiwo amapotokoleka bwino. Matumbo ogula amabwera ali mu mchere, ndipo amatsukidwa, kuviikidwa m'madzi ofunda pang'ono kwa ola limodzi, n'kudutsitsidwa madzi m'kati. A nkhumba yophedwa kumene amakhuthulidwa, kutsukidwa kangapo, kutembenuzidwa ndi kupalidwa ndi msana wa mpeni kufikira patatsala kakhungu kopyapyala koonekera kuseri, ndipo kakhunguko kamagonekedwa m'madzi a mchere. Ntchitoyi ndi yotopetsa, ndipo thumbo lotsukidwa mwaulesi limawononga nyama yonse.

Kulowetsa nyama m'thumbo ndi ntchito ya anthu awiri, pakuti mutu umodzi susenza denga: wina amakankha nyama, wina amalandira thumbo. Makina olowetsera ndi abwino, koma fanulo ya kukamwa kwakukulu, kapena khosi la botolo la pulasitiki lodulidwa ndi kutsukidwa bwino, limathandiza wopanga zochepa. Thumbo lonyowa limakwinyidwira lonse pa mpope wolowetsera nyama, ndipo kumapeto kwake sikumangidwa kufikira nyama itayamba kuonekera, kuti mpweya woyamba utuluke. Wolandira amasiya thumbo kutsetsereka pakati pa zala zake pa liwiro lofanana ndi la nyama, osalidzaza kwambiri, chifukwa soseji yothina imaphulika poipotokola ndipo ikapulumuka pamenepo imakaphulikira m'chiwaya. Pamene paoneka thovu la mpweya pamabooledwa ndi singano yoyera. Kenako chingwe chachitalicho chimatsinidwa pa mitunda yofanana, ndipo soseji imodzi imazunguzidwa kupita kutsogolo, yotsatira imadumphidwa, ndipo yachitatu imazunguzidwanso, kuti mfundo zisamasuke. Masosejiwo amagonekedwa mufiriji usiku wonse osavundikira, kuti khungu liume, rusk amalize kumwa madzi, ndipo zokometsera zilowerere. Popeza a pakhomo alibe mankhwala a sulphite amene mafakitale amathira kuti katundu asawonongeke, ayenera kudyedwa m'masiku awiri, ndipo otsala aundanitsidwe.

Omvera akumbukire kuti kuzizira pokonza kunali theka la ntchito. Theka linalo ndi moto wochepa pophika, ndipo soseji yopangidwa mwaluso ikhoza kuwonongeka m'mphindi zisanu ndi munthu wanjala. Kodi chimachitika n'chiyani soseji ikaponyedwa m'chiwaya chotentha kwambiri? Thumbo limakhwinyata msanga, madzi a pafupi ndi khungu amasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo, posowa potulukira, imang'amba thumbo. Kunja kumada bii pamene m'kati mukadali mwaiwisi. Soseji ya ku Ireland ndiyo ili pangozi kuposa zina, chifukwa inathiridwa madzi mwadala. Njira yoyenera ndi kuika mafuta ochepa m'chiwaya chokhuthala, kuyatsa moto wapakati wopendekera kuchepa, ndi kutembenuza masosejiwo kawirikawiri kwa mphindi 15 kapena 20, kufikira atafiira mofanana mbali zonse. Khutu limathandiza pamenepa: chiwaya chiyenera kulira motsitsa, ndipo chikayamba kuthetheka n'kulavula mafuta, moto wachuluka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mphindi makumi awiri si zambiri kwa munthu amene dzulo anapirira kuzizira kwa zala.

Nanga kubaya soseji ndi foloko isanaphikidwe? Mwambowu ndi wofala, ndipo unali ndi nzeru yake pa masoseji otsika mtengo odzaza madzi, amene ankaphulika akapanda kubooledwa. Pa soseji yopangidwa bwino kubaya n'kutaya dala zimene wokonza anavutikira kusunga, chifukwa bowo lililonse ndi khomo lotulukira mafuta. Wowotcha pa makala adikire kuti malawi athe ndipo makala avale phulusa, aike masoseji m'mphepete mwa mbaula, popeza mafuta odontha pakati pa moto amayatsa malawi amene amadetsa khungu. Palinso njira yothandiza wophikira anthu ambiri, yoyamba kuika masoseji m'madzi otentha koma osabwadamuka kwa mphindi khumi, kenako n'kuwapukuta ndi kuwafiiritsa m'chiwaya mwachidule. Njirayi imachepetsa mantha akuti m'kati mwatsala mwaiwisi.

Mantha amenewo ndi oyenera, ndipo nkhani iime pang'ono pa za umoyo. Pa nthuli yathunthu ya nyama, tizilombo tambiri toyambitsa matenda timakhala kunja, kumene moto umafika msanga, koma kugaya kumatimwaza paliponse, kotero kuti pakati pa soseji payenera kupsa mofanana ndi kunja. Alangizi a za chakudya ku Ireland amanena kuti pakatipo pafike madigiri 75, ndipo amene alibe choyezera adule soseji imodzi pakati: pasaoneke kufiira kwa nyama yaiwisi, madzi otuluka akhale oyera, ndipo nthunzi ituluke. Kwa omvera a m'madera amene nkhumba zimayenda zokha m'mudzi pali chenjezo lina, lokhudza njoka ya m'mimba ya nkhumba, imene ana ake amabisala mu mnofu ngati timatuza toyera. Nyama ikagayidwa timatuzato sitioneka, choncho iyenera kuyang'anidwa isanalowe m'makina, makamaka paphewa ndi pa lilime, ndipo yogula ikhale yoyezedwa ndi a zaumoyo wa ziweto. Nyama ya timatuza itayidwe, ndipo isagulitsidwe kwa wina.

Pomaliza, kodi anthu a ku Ireland amaidya ndi chiyani? Malo ake otchuka ndi kadzutsa wamkulu, pamene imakhala m'mbale imodzi ndi bekoni yodula mopyapyala imene iwo amati rashers, mazira, tomato wokazinga, soseji ya magazi ndi inzake yoyera yopanda magazi, buledi wa soda ndi tiyi wamphamvu. Tauni ya Clonakilty, kumadzulo kwa chigawo cha Cork, ndiyo yatchuka kwambiri ndi soseji ya magaziyo. M'zaka zimene ntchito ya zomangamanga inakula m'dzikolo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi zotsatira zake, kadzutsa yemweyu anayamba kulowetsedwa m'buledi wautali wogulitsidwa m'masitolo a pamalo omwetsera mafuta, kuti amisiri adye ali pa ulendo. Madzulo sosejiyi imadyedwa ndi mbatatesi zoponda ndi msuzi wa anyezi.

Koma chakudya chimene chimaonetsa bwino khalidwe la sosejiyi ndi coddle, ndiwo ya anthu ogwira ntchito a mumzinda wa Dublin. Mbatatesi, anyezi, rashers ndi masoseji zimayalidwa mosanjikiza mupoto, zimathiridwa madzi kapena msuzi wosafika pamwamba, ndipo potoyo amavundikiridwa n'kusiyidwa pa moto wochepa kwa maola awiri kapena atatu, osabwadamuka. Zimanenedwa kuti inkaphikidwa kwambiri Lachinayi, pofuna kumaliza nyama yotsala, popeza Akatolika sankadya nyama Lachisanu, ndiponso kuti inkathandiza mayi wa pakhomo chifukwa inkatha kudikira pa moto mpaka bambo atafika usiku. M'kaphikidwe kakale masoseji sakazingidwa, motero amatuluka otuwa, ndipo alendo, ngakhale anthu a zigawo zina za Ireland yomweyo, amachita nawo tsinya asanalawe. Ophika ambiri a lero amayamba awafiiritsa kuti akondweretse maso, ndipo anthu a ku Dublin amatsutsana pa nkhaniyi mpaka lero. Mlembi wa nkhani ino akuona kuti akale anali ndi mfundo, chifukwa soseji yosakazinga imapereka mchere, tsabola ndi mafuta ake ku msuzi pang'onopang'ono, pamene rusk amaisunga yofewa kwa maola onsewo, ndipo mbatatesi za pansi zimasungunuka n'kukhuthalitsa msuziwo. Wofuna kuyesa achepetse mchere wa m'poto, popeza bekoni ndi soseji zabwera kale ndi wawo, ndipo athire tsabola ndi masamba a parsley potoyo atatsala pang'ono kuphulidwa.